Chiyambi cha Strictly Come Dancing: Mmene Gule Wakale Anasandukira Mpikisano wa Anthu Otchuka

Strictly Come Dancing ndi mpikisano wa gule umene umaulutsidwa pa wailesi ya kanema ya BBC ku Britain. Unaoneka koyamba Loweruka pa 15 Meyi 2004, ndipo chiyambire wakhala ukuchitika chaka ndi chaka osadumphitsa. Dongosolo lake n'losavuta kumva. Munthu wotchuka, kaya ndi wowerenga nkhani, wamasewera, woimba, wazisudzo kapena wandale, amam'patsa katswiri wa gule kuti azimuphunzitsa. Awiriwo amakonzekera sabata yonse, kenaka Loweruka madzulo amavina pamaso pa oweruza ndi anthu mamiliyoni amene akuonera ali kunyumba. Oweruza amapereka malikisi, oonera amavota, ndipo amene atsalira m'mbuyo amatuluka, mpaka patsale awiri okha otenga chikho.

Lero dongosolo lomweli lafika m'maiko oposa 50, ndipo ambiri mwa maikowa amalitchula kuti Dancing with the Stars. Kubadwa kwake kunachokera pa kukumana kwa zinthu ziwiri: gule wa m'maholo amene ambiri ankamuona ngati wa agogo, ndi mtundu watsopano wa mapulogalamu umene unkapatsa oonera mphamvu yosankha wopambana kudzera pa foni. Kuti nkhaniyi imveke bwino, iyenera kuyambira zaka zoposa 100 zapitazo.

Gule wa m'maholo ku Britain

Gule wogwirana mwamuna ndi mkazi, amene pa Chingelezi amati ballroom, poyamba anali wa anthu olemera, ovinira m'nyumba zachifumu ndi m'mahotela apamwamba. Zinthu zinasintha nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha mu 1918. M'mizinda ya ku Britain munayamba kutsegulidwa maholo akuluakulu ovinira, ndipo pakhomo ankalipiritsa ndalama yoti wogwira ntchito m'fakitale kapena m'sitolo akanatha kuikwanitsa. Imodzi mwa maholo amene anatchuka kwambiri inali Hammersmith Palais ya ku London, imene inatsegulidwa mu 1919. Anyamata ndi atsikana ankatchena Loweruka madzulo n'kupita kukavina, ndipo mabanja ambiri a nthawi imeneyo anayambira m'maholo momwemo.

Chidwichi chitakula, mipikisano inayamba. Ku Blackpool, tauni ya m'mphepete mwa nyanja kumpoto chakumadzulo kwa England, chikondwerero cha gule chinayamba mu 1920, ndipo mpaka lero akatswiri a dziko lonse amachiona ngati chachikulu koposa. Koma mpikisano umafuna malamulo. Nyimbo zatsopano zochokera ku America zinabweretsa mavinidwe osiyanasiyana, aliyense n'kumaponda mwakemwake. Choncho mu 1924 bungwe la aphunzitsi a gule lotchedwa Imperial Society of Teachers of Dancing linakhazikitsa nthambi yoona za ballroom, ndipo inalemba mwatsatanetsatane mmene gule aliyense ayenera kuviniridwa: poika phazi, pogwira mnzako, mmene msana uyenera kuimira, ndiponso liwiro la nyimbo. Mmodzi mwa amene anagwira ntchitoyi anali Victor Silvester, yemwe anali atapambana mpikisano wa dziko lonse mu 1922 ndipo pambuyo pake anatchuka ndi gulu lake la oimba.

M'kupita kwa nthawi magule a mpikisano anakwana 10, m'magulu awiri. M'gulu loyamba muli waltz, tango, Viennese waltz, foxtrot ndi quickstep, amene ovina sasiyana, amayenda atagwirana kuzungulira bwalo. M'gulu lachiwiri, lotchedwa Latin, muli cha-cha-cha, samba, rumba, paso doble ndi jive, amene chiuno ndi miyendo zimagwira ntchito kwambiri. Magule a gulu lachiwiriwa ali ndi mizu yakutali. Rumba ndi cha-cha-cha anachokera ku Cuba, samba ku Brazil, jive anaphuka kuchokera ku mavinidwe a anthu akuda a ku America, ndipo onsewa ali ndi kayimbidwe kamene kanawoloka nyanja ndi akapolo ochokera ku Africa. Paso doble yekha ndiye amatsanzira masewera olimbana ndi ng'ombe a ku Spain.

Kulembedwa kwa malamuloku ndi kumene kunadzathandiza wailesi ya kanema patapita zaka zambiri. Gule amene ali ndi malamulo odziwika amatheka kumuphunzitsa m'sabata imodzi, amatheka kumupatsa malikisi, ndipo woweruza amatha kuloza pamene phazi laphonya.

Pulogalamu yakale ya Come Dancing

Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, kampani ya Mecca inali ndi maholo ovinira m'mizinda yambiri ya ku Britain. Mmodzi mwa ogwira ntchito ake, Eric Morley, anaona kuti wailesi ya kanema, imene inali yachilendo nthawi imeneyo, ikhoza kukopera anthu ambiri kumaholoko. Iye ndi amene anayambitsa pulogalamu ya Come Dancing pa BBC, ndipo ndi yemweyonso anayambitsa mpikisano wa chiphadzuwa wa Miss World mu 1951.

Poyamba Come Dancing inkangoonetsa zochitika m'maholo osiyanasiyana, akatswiri n'kumaphunzitsa oonera kaponyedwe ka mwendo. Mu 1953 inasanduka mpikisano, ndipo pambuyo pake mpikisanowo unakhala wa pakati pa zigawo za dzikolo. Ovina ake sanali anthu otchuka. Anali makalaliki, osoka zovala, ogulitsa m'masitolo ndi ena otero, amene masana ankagwira ntchito zawo, usiku n'kumakonzekera gule. Amuna ankavala masuti akuda a mchira kumbuyo, nambala itamatidwa pamsana kuti oweruza awazindikire. Akazi ankavala madiresi otambalala, osokereredwa tinthu tonyezimira masauzande, ndipo kawirikawiri ntchito yosokayo inkagwiridwa pamanja ndi mwini wakeyo kapena mayi ake. Panalinso magulu a ovina ambiri oyenda mofanana ngati munthu mmodzi, ndipo gulu la Frank ndi Peggy Spencer la ku Penge, kumwera kwa London, linatchuka kwambiri pa luso limeneli.

Pulogalamuyi inakhala zaka pafupifupi 50, ndipo aulutsi odziwika monga Terry Wogan, Angela Rippon, Michael Aspel ndi Judith Chalmers anaiyendetsapo. Koma dziko linkasintha. Nyimbo za rock and roll, kenaka za disco, zinachititsa kuti achinyamata azivina aliyense payekha osagwirana. Maholo ambiri anatsekedwa, ena anasanduka malo a masewera a bingo. Come Dancing inayamba kuulutsidwa usiku kwambiri anthu atagona, ndipo mu 1998 BBC inaithetsa. Kwa ambiri nkhani inali yoti tsabola wakale sawawa.

Filimu ya ku Australia

Come Dancing isanathe, ku Australia kunatuluka filimu imene inaonetsa gule yemweyu mwa njira ina. Strictly Ballroom, imene inatuluka mu 1992, inali filimu yoyamba ya Baz Luhrmann, ndipo inachokera pa sewero la pabwalo limene iye anakonza ali wophunzira wa zisudzo ku Sydney. Nkhani yake ndi ya mnyamata waluso amene akufuna kuvina mwa njira yakeyake motsutsana ndi akuluakulu a mpikisano, ndipo akusankha kuvina ndi mtsikana wongoyamba kumene amene aliyense ankamuderera. Paul Mercurio ndi Tara Morice ndi amene anatenga mbali zikuluzikulu.

Filimuyi inakondedwa m'maiko ambiri, ku Britain komwe. Inaonetsa kuti kuseri kwa zovala zonyezimira ndi kumwetulira kuli nsanje, khama, misozi ndi chikondi, ndiponso kuti nkhani ya katswiri amene akuphunzitsa munthu wosadziwa kanthu imagwira mtima. Dzina la mpikisano wa BBC linalumikiza ziwirizi: liwu loyamba linachokera ku filimuyi, mawu otsalawo ku pulogalamu yakale ija.

Nyengo ya mavoti a pa foni

Chinthu chachiwiri chija, mtundu watsopano wa mapulogalamu, chinachokera ku Netherlands. Mu 1999 kampani ya Endemol, imene mmodzi mwa eni ake anali John de Mol, inatulutsa Big Brother, pulogalamu yotsekera anthu m'nyumba imodzi makamera akuwajambula usana ndi usiku, oonera n'kumavota kuti atuluke ndani. Inafika ku Britain mu 2000 pa Channel 4. Mu 2001 wailesi ya kanema ya ITV inabweretsa Popstars ndi Pop Idol, mipikisano ya oimba ongoyamba kumene, mmene oweruza ankanena maganizo awo mosapsatira. Mphepo yomweyi inafikanso kuno ku Africa mu 2003 ndi Big Brother Africa, imene Cherise Makubale wa ku Zambia anapambana.

Posakhalitsa okonza mapulogalamu anazindikira kuti chidwi chimawirikiza ngati opikisanawo ali anthu odziwika kale. Mu 2001 kunachitika Celebrity Big Brother pofuna kupeza ndalama zothandizira bungwe la Comic Relief, ndipo wanthabwala Jack Dee anapambana. Mu 2002 ITV inatengera anthu otchuka kunkhalango ya ku Australia m'pulogalamu ya I'm a Celebrity... Get Me Out of Here!, kumene ankagona panja ndi kupirira mayeso ovuta. Mapulogalamuwa anakopa anthu ochuluka, koma ambiri mwa iwo ankadalira mikangano, manyazi ndi kunyozana.

BBC inali pa mpanipani. Imayendera ndalama zimene nyumba iliyonse yoonera TV imalipira pachaka, choncho imayembekezereka kukonza mapulogalamu oti agogo, makolo ndi ana aonere limodzi popanda wina kugwira kumaso. Loweruka madzulo, nthawi imene mabanja a ku Britain amakhala pamodzi pabalaza, ITV inkaoneka kuti yatsogola. BBC inayesa ndi mpikisano wa oimba wa Fame Academy mu 2002, koma ambiri ankauona ngati wongotsatira mapazi a anzawo. Panafunika chinthu chake cha BBC, chokhala ndi mavoti ndi anthu otchuka koma chaulemu.

Ganizo lobadwira m'maofesi a BBC

Mu 2003 akuluakulu oona za mapulogalamu achisangalalo ku BBC ankakambirana za mapulogalamu akale amene angadzutsidwe. Fenia Vardanis, mmodzi mwa akuluakuluwo, ndi amene amatchulidwa kuti anabweretsa ganizo lotenga Come Dancing n'kuikamo anthu otchuka. Jane Lush, amene ankayang'anira zosankha mapulogalamu achisangalalo, anagwirizana nalo, ndipo Lorraine Heggessey, mkulu wa BBC One nthawi imeneyo, anavomera kulipatsa mpata Loweruka madzulo. Richard Hopkins, amene anali atagwirapo ntchito pa Big Brother ndi Fame Academy, anathandiza kumanga dongosolo la mpikisano, ndipo Karen Smith anatsogolera gulu lokonza pulogalamuyo. Popeza mutu umodzi susenza denga, mbiri ya chiyambi chake imatchula maina angapo.

Chimene anthuwa anatulukira chinali kalumikizidwe ka ovina. Anthu otchuka awiri akanavina okhaokha, bwalo likanadzaza ndi zophonya, oonera n'kungoseka sabata imodzi kenaka n'kutopa. Akatswiri okhaokha akanavina, ikanakhala Come Dancing yakale yomwe ija. Kuika wotchuka mmodzi m'manja mwa katswiri mmodzi kunathetsa mavuto onse awiri. Katswiri amakonza gule mobisa zofooka za wophunzira wake, choncho pamakhala chokongola choti anthu aone. Wotchuka amabweretsa omutsatira ake, amene mwina sakanaonera gule m'moyo wawo.

Ngakhale zinali choncho, okayika analipo ambiri. Gule wa ballroom ankaoneka wachikale, ndipo anthu otchuka ambiri sankafuna kudziika pa chiswe pamaso pa dziko. Nawonso aphunzitsi ena a gule ankaopa kuti luso lawo lisandutsidwa choseketsa. Pa chifukwa chimenechi okonza anasamala kuti gule alemekezedwe: nyimbo ziziimbidwa ndi gulu la oimba pompo, oweruza akhale odziwadi ntchito, ndipo malamulo a gule aliyense atsatidwe.

Oyendetsa, oweruza ndi aphunzitsi

Kusankha woyendetsa pulogalamu kunali kofunika. Udindowu unapita kwa Bruce Forsyth, amene anabadwa mu 1928 ndipo anali ndi zaka 76 mpikisano ukuyamba. Iye anali wovina, woimba ndi wanthabwala kuyambira ali mwana, ndipo anatchuka ndi Sunday Night at the London Palladium ndi The Generation Game. Mu 2003 anaitanidwa kukayendetsa kamodzi pulogalamu ya nthabwala za ndale ya Have I Got News for You, ndipo anasangalatsa anthu mpaka akuluakulu a BBC anaona kuti mphamvu akadali nazo. Kwa okalamba iye anali chikumbutso cha masiku a maholo. Kwa ana anali agogo oseketsa. Anamuphatikiza ndi Tess Daly, wachinyamata, amene ankacheza ndi ovina akangochoka pabwalo.

Oweruza anali anayi, ndipo aliyense anali ndi khalidwe lake. Len Goodman, mkulu wa oweruza, anali munthu wa ballroom weniweni. Ali mnyamata ankaphunzira ntchito yowotcherera zitsulo pa doko la sitima, ndipo anayamba kuvina ali ndi zaka 19 atavulala phazi. Pambuyo pake anatsegula sukulu ya gule ku Dartford, ndipo pamene ankaitanidwa ku BBC anali asanadziwike kunja kwa anthu a gule. Arlene Phillips anali wokonza magule a m'zisudzo ndiponso woyambitsa gulu la Hot Gossip. Craig Revel Horwood, wochokera ku Australia, anatchuka ndi kuuma manja pa malikisi ndi kunena chilungamo chowawa. Bruno Tonioli, wochokera ku Italy, ankayankhula ndi thupi lonse, nthawi zina mpaka kudzuka pampando. Kusiyana kwawoku kunachititsa kuti oonera azikhala ndi woweruza womukonda ndi womukwiyira.

Aphunzitsi anatengedwa m'mipikisano yeniyeni ya gule. Ena mwa oyambawo anali Anton du Beke, Erin Boag ndi Brendan Cole. Anthuwa anali atavina zaka zambiri, akudzilipirira okha maulendo ndi zovala, koma kunja kwa maholo palibe ankawadziwa. Mpikisanowu unawasandutsa anthu odziwika, ena mpaka kuposa ophunzira awo.

Mpikisano woyamba

Mpikisano woyamba unali waung'ono. Munali anthu otchuka 8, ndipo unatenga masabata 8, kuyambira pa 15 Meyi mpaka pa 3 Julayi 2004. Mwa opikisanawo munali woimba nyimbo za opera Lesley Garrett, katswiri wa rugby Martin Offiah, wodziwa za katundu wamakedzana David Dickinson, wazisudzo Claire Sweeney, ndi Christopher Parker wa m'sewero la EastEnders. Amene anapambana anali Natasha Kaplinsky, wowerenga nkhani zam'mawa pa BBC, amene ankavina ndi Brendan Cole. Anthu amene anazolowera kumuona atakhala kuseri kwa tebulo ndi nkhope yosaseka anadabwa kumuona akuuluka pabwalo.

Mpikisano woyambawu unaonetsanso mkangano umene wakhalapo mpaka lero. Christopher Parker ankalandira malikisi ochepa pafupifupi sabata iliyonse, koma oonera ankamukonda ndipo anamuvotera mpaka anafika mu ndime yomaliza. Kuyambira pamenepo zinadziwika kuti maso a oweruza ndi mtima wa oonera sizigwirizana nthawi zonse.

Chiwerengero cha oonera chinkakwera sabata ndi sabata, choncho BBC sinadikire chaka. Mpikisano wachiwiri unayamba mu Okutobala chaka chomwecho ndi opikisana 10, ndipo unkalimbirana oonera ndi The X Factor ya ITV imene inali itangoyamba kumene. Wazisudzo Jill Halfpenny anapambana pamodzi ndi Darren Bennett, ndipo jive wawo wa m'ndime yomaliza anali gule woyamba kulandira malikisi onse 40. Kuchokera nthawi imeneyo mpikisanowu unakhazikika m'miyezi yomaliza ya chaka, n'kumatha Khirisimasi itayandikira.

Kupambana kwa Darren Gough mu 2005 ndi kwa Mark Ramprakash mu 2006, onse akatswiri a masewera a cricket, kunathandiza pa mfundo ina. Amuna ambiri ku Britain ankaona gule wotereyu ngati wosayenera mwamuna. Ataona amuna amasewera akutuluka thukuta ndi kuvomera kuti ntchitoyi ndi yolemetsa, maganizowo anayamba kufewa.

Mmene mpikisano umayendera

Woweruza aliyense amakweza chikwangwani chokhala ndi nambala ya pakati pa 1 ndi 10. Malikisi a oweruza onse amaphatikizidwa, ndipo ovina amasanjidwa kuyambira wapamwamba mpaka wotsiriza. Kenaka oonera amavota, ndipo mavoti awo amasanjanso ovinawo. Mindandanda iwiriyi imalemera mofanana, theka oweruza, theka oonera. Kuyambira mu 2007, zaka zambiri awiriawiri amene atsalira pansi amavinanso kachiwiri, oweruza n'kusankha otsala. M'zaka zoyambirira, gawo la ndalama za mafoni ovotera linkapita ku ntchito zachifundo monga thumba lothandiza ana la Children in Need.

Chimene oonera amaona Loweruka ndi gule wa mphindi imodzi ndi theka, koma kuseri kwake kuli masiku a m'chipinda chophunzirira. Makamera amajambulanso mmenemo: chipinda cha magalasi khoma lonse, katswiri akuwerenga mokweza kuti phazi ligwe pa nthawi yake, wotchuka uja atavala zovala zamasewera, kumapazi kuli matuza, akubwereza sitepe imodzi kambirimbiri. Zithunzizi zimaonetsedwa gule asanayambe, choncho oonera amafika podziwa pamene munthuyo pamamuvuta, ndipo amapuma mosamala akafika pamalo pomwepo.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya mpikisanowu. Munthu amene kuntchito kwake ndi bwana amasanduka mwana wasukulu, kumvera malangizo a munthu amene mwina ndi wamng'ono kwa iye, kudzudzulidwa pagulu, n'kubweranso sabata yotsatira atawongolera. Mapulogalamu ena a anthu otchuka amawaonetsa akunyozeka. Uwu umawaonetsa akuphunzira. Ndi chifukwa chake amene amayamba ali wouma thupi n'kumasintha pang'onopang'ono kawirikawiri amakondedwa kuposa amene anabwera akudziwa kale.

Chikondi cha oonera nthawi zina chimavutitsa oweruza. Mu 2008 mtolankhani wa zandale John Sergeant ankatsalira pa malikisi koma mavoti ankamupulumutsa sabata iliyonse, mpaka iye mwini anachoka dala poona kuti akhoza kupambana mosayenera. Mu 2010 Ann Widdecombe, amene anakhalapo nduna ya boma, anafika patali mwa njira yomweyo.

Mpikisanowu sunaiwale kumene unachokera. Kwa zaka zambiri unkajambulidwa ku BBC Television Centre ku London, ndipo mu 2013 unasamukira ku Elstree. Koma zaka zambiri pamakhala sabata imodzi imene otsala onse amapita kukavinira mu holo ya Blackpool Tower, imodzi mwa maholo okongola a gule amene anapulumuka. Kwa opikisana, kufika ku Blackpool ndi chizindikiro choti achita bwino.

Kuwoloka nyanja

Nthambi ya zamalonda ya BBC inayamba kugulitsa dongosololi kunja mwamsanga. Chimene wailesi ya dziko lina imagula ndi chilolezo ndi malangizo a kayendetsedwe: kamangidwe ka bwalo, kaperekedwe ka malikisi, kasanjidwe ka pulogalamu. Anthu otchuka, oweruza ndi chilankhulo zimakhala za dziko logulalo. Popeza maiko ena sankaidziwa Come Dancing yakale, dzina la ku Britain silikanamveka, choncho panabwera lina losavuta, Dancing with the Stars.

Australia inali yoyamba, mu Okutobala 2004 pa Seven Network, ndipo mmodzi mwa oweruza ake anali Paul Mercurio wa mu filimu ija. Italy inatsatira mu Januwale 2005 ndi Ballando con le Stelle, imene Milly Carlucci wakhala akuyendetsa chiyambire. Ku America, ABC inayamba pa 1 Juni 2005, m'miyezi imene mawailesi amayeseramo mapulogalamu osadalirika. Munali opikisana 6 okha, kuphatikizapo katswiri wa nkhonya Evander Holyfield. Tom Bergeron ndi amene ankayendetsa, ndipo Len Goodman ndi Bruno Tonioli anakhala oweruza pamodzi ndi Carrie Ann Inaba. Kwa zaka zambiri Goodman ndi Tonioli ankauluka pakati pa London ndi Los Angeles sabata iliyonse kuti aweruze mipikisano yonse iwiri. Ndime yomaliza ya chaka choyambacho inaoneredwa ndi anthu oposa 20 miliyoni, ndipo wazisudzo Kelly Monaco anapambana. Mu 2006 Germany inayamba wake wotchedwa Let's Dance, India nayo inayamba Jhalak Dikhhla Jaa.

South Africa inayamba wake mu 2006 pa SABC, n'kusunga dzina la ku Britain, ndipo mu 2007 woimba Hip Hop Pantsula anapambana. Mu 2018 M-Net inaudzutsanso ndi dzina la Dancing with the Stars. Dzikoli laperekanso akatswiri ku mpikisano wa ku Britain. Oti Mabuse wa ku Pretoria anatenga chikho zaka ziwiri zotsatizana, mu 2019 ndi Kelvin Fletcher ndiponso mu 2020 ndi Bill Bailey. Mkulu wake wa Oti, Motsi Mabuse, amene anayamba kuweruza ku Germany, anakhala woweruza ku BBC mu 2019. Johannes Radebe wa ku Zamdela, pafupi ndi Sasolburg, anayambira mu mpikisano wa kwawo asanapite ku Britain mu 2018.

Zimene zasintha ndi zimene zatsala

Ambiri mwa oyambitsa anachoka. Bruce Forsyth anasiya kuyendetsa mpikisano mu 2014, malo ake n'kutengedwa ndi Claudia Winkleman, ndipo Forsyth anamwalira mu 2017. Len Goodman anatula pansi udindo ku BBC mu 2016, Shirley Ballas n'kulowa m'malo mwake chaka chotsatira. Goodman atamwalira mu 2023, chikho cha ku America chinapatsidwa dzina lake. Anton du Beke, amene anavina kuyambira mpikisano woyamba, analowa m'gulu la oweruza mu 2021. Magule enanso anaonjezedwa, monga salsa, Argentine tango ndi Charleston.

Khomo la opikisana nalo linakula. Mu 2021 wazisudzo Rose Ayling-Ellis, amene ali ndi vuto la kumva, anapambana. Iye ankatsata nyimbo powerenga mumtima ndi kudalira thupi la mphunzitsi wake. Mu 2024 wanthabwala Chris McCausland, amene saona, anatenga chikho pamodzi ndi Dianne Buswell, amene ankamuphunzitsa pomugwiritsa manja ndi miyendo kuti amve mmene sitepe ikuyendera. Chaka chomwecho panamveka madandaulo a opikisana ena akale okhudza nkhanza za m'chipinda chophunzirira, ndipo BBC inalamula kuti pa maphunziro onse pazikhala munthu wina woyang'anira. Nkhaniyi inakumbutsa anthu kuti khama limene oonera amalikonda lili ndi malire amene sayenera kudumphidwa.

Maziko amene anaikidwa mu 2004 ndi omwewo: wotchuka mmodzi, katswiri mmodzi, gule watsopano sabata iliyonse, oimba a pompo, oweruza odziwa malamulo, ndi oonera okhala ndi mawu pa chigamulo. Malamulo amene aphunzitsi analemba mu 1924 ndi amene amapatsa oweruza poyambira, maholo ndi Come Dancing ndi zimene zinasunga lusolo m'zaka zimene linkanyozeka, ndipo mavoti a pa foni ndi amene analibweretsa kwa m'badwo watsopano m'maiko ambiri a dziko lapansi.